Dziko Lathu Ndi Lalikulu, Koma Nthaka Imatha

Abale, ife a ku Ntengo-Wambalame timakhala kumapiri. Kuno m'boma la Tsangano kumazizira. Koma Mozambique yense sali choncho ayi.

Dziko lathu ndi lalikulu zedi. Dziko la Malawi lingalowemo ka 6, malo n'kutsalabe. Kumpoto kuli mtsinje wa Rovuma. Kum'mawa kuli nyanja yamchere. Likulu lathu, Maputo, lili kutali kum'mwera. Pakati padutsa mtsinje wa Zambezi.

Dera lililonse lili ndi chuma chake. Kunyanja amapha nsomba. Ku Moatize amakumba malasha. Ku Cahora Bassa madzi amapanga magetsi. Anzathu a ku Macanga amalima fodya ndi chimanga. Nanga ife? Ife tili ndi mbatata ya kachewere, tirigu, chimanga ndi nyemba. Chuma chathu chonse chagona pa nthaka.

Tsono tamvani izi. Pa kalembera wa 1980 tinalipo anthu 12 miliyoni. Pa kalembera wa 2017 tinapezeka pafupifupi 28 miliyoni. Odya achuluka, koma minda sinakule.

Minda yathu yambiri ili pamalo otsetsereka. Tikadula mitengo ndi kutentha mapesi, nthaka imatsala pamtunda. Mvula ikagwa, madzi amatsika ali ofiira. Kufiirako si kanthu kena, ndi munda wathu ukupita. Madzi a kumapiri kuno amalowa mu Revúbuè, kenaka mu Zambezi. Pamene palibe chowagwira, amatsika mwaukali. Mu January 2022, pa namondwe Ana, mtsinje wa Revúbuè unadzaza mpaka kudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize.

Tichite chiyani pa kopaletivi pathu?

1. Tilime mizere yopingasa phiri, osati yotsika.
2. Tibzale udzu wa vetiva m'milambala kuti ugwire dothi.
3. Tisatenthe mapesi. Tiwafotsere, kapena tipange manyowa.
4. Pamene panali mbatata chaka chino, chaka chamawa pabwere chimanga kapena nyemba. Mbatata ikabwerezedwa pamodzimodzi, matenda amachuluka.
5. Tikadula mtengo, tibzale ina.

Feteleza tingagule kusitolo. Nthaka yokokoloka ilibe sitolo. Mvula isanayambe, tiyendere limodzi minda ya gulu lathu, tione pamene payamba zigwembe, titseke msanga.

Mafunso okambirana
Kodi madzi a m'munda mwanu amathera mu mtsinje uti?
Kodi mizere yanu yaloza kuti?