Tomato Wapakhomo Akayamba Kudwala, Tiyambe Tamuyang'anitsitsa Tisanagule Mankhwala

Kaya ndi usipa, kaya ndi nyemba, kaya ndi mpiru, mayi asanateleke mphika amayamba wafunsa ngati m'nyumba muli tomato, amene ena amamutcha phwetekere kapena matimati. M'miyezi ya dzinja, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi, milu ya tomato pa msika imachepa pamene mtengo wake ukukwera, ndipo n'chifukwa chake mabanja ambiri amawokera mbande khumi kapena makumi awiri kuseri kwa nyumba. Koma ambiri amagwa mphwayi chaka choyamba chomwecho. Mbewu ikangoyamba kufota, amathamangira ku sitolo kukagula botolo la mankhwala, nawaza kawiri katatu, tomato n'kufabe, ndalama ya sopo ndi mchere itapita.

Owerenga athu okondedwa, cholakwika kawirikawiri si mankhwalawo ayi, koma kuti tawaza tisanadziwe chimene chikuvuta. Mavuto angapo a tomato amafanana maonekedwe, chonsecho ena mwa iwo alibe mankhwala n'komwe, ndipo ena amachira ndi madzi okha.

Tiyambe ndi kufota, pakuti ndiko kumasokoneza anthu ambiri. Tomato akazolika masana, pisani chala m'nthaka. Ngati pansi pali pouma, vuto ndi ludzu basi. Ngati pali matope, mizu yatsamwa ndi madzi, pakuti nayonso imafuna mpweya, ndipo kuthirira kowonjezera kungomaliza mbewuyo. Koma pali kufota kwina koopsa, kumene tomato amazolika masamba ake ali obiriwira bwinobwino, nthaka ili ndi chinyezi chokwanira. Poyamba amatsitsimuka usiku, koma pakapita masiku ochepa amaferatu. Apa pali njira yosalira ndalama yodziwira choonadi. Dulani tsinde chapafupi ndi nthaka, muviike nsonga yodulidwayo m'tambula ya madzi oyera, ndipo mudikire mphindi zingapo osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pa tsindelo, dziwani kuti ndi mabakiteriya amene atseka njira zodutsamo madzi. Nthenda imeneyi ilibe mankhwala owaza. Zulani mbewuyo pamodzi ndi dothi la m'mizu yake, muitenthe, ndipo khasu kapena mpeni umene mwagwiritsa ntchito muutsuke musanakhudze mbewu zina. Mabakiteriyawa amakhala m'nthaka zaka zingapo.

Madzi a m'tambula akakhala oyerabe, yang'anani mizu. Mukapeza timaundu totupa ngati mikanda, ndiye kuti muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene timakonda kwambiri dothi lamchenga ndi minda imene munali fodya. Musasokoneze timaundu timeneti ndi tija timapezeka pa mizu ya nyemba ndi mtedza, timene ndi taphindu ndipo timathothoka mosavuta mukatipukuta ndi chala. Ta pa tomato n'kutupa kwa muzu weniweniwo. Manyowa ambiri owolerana amathandiza mbewu kupirira, koma chithandizo chenicheni ndi kasinthasintha wa mbewu. Tomato, fodya, mbatata ya kachewere, mabilinganya ndi tsabola ndi a banja limodzi ndipo amapatsirana matenda. Pamene pachoka imodzi mwa mbewuzi pabzalidwe chimanga kapena anyezi, ndipo tomato abwererepo patapita zaka zitatu.

Pa masamba, adani akuluakulu ndi awiri, ndipo aliyense ali ndi nyengo yake. Chiwawu chimabwera ndi mvula, nkhungu ndi kuzizira, monga zimakhalira kumapiri a ku Dedza ndi Ntcheu, kumene kumachokera tomato wambiri amene timamuona pa misika ya Bembeke, Lizulu ndi Tsangano. Masamba amachita mawanga akuda ngati awauka ndi moto, tsinde nalo limada, ndipo munda wonse ungathe kupserera m'sabata imodzi. Nthenda yomweyi ndiyo inawononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845, mpaka anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndi njala ndi matenda otsatira njalayo. Mankhwala monga Dithane M-45 ndi aja a kopa amateteza masamba amene asanadwale, koma sachiza tsamba lopsa kale. Choncho amawazidwa mvula ikayamba kugwa mowirikiza, osati munda utada. Chiwawu chimayenda ndi madontho a madzi, n'chifukwa chake tiyenera kuthirira patsinde m'mawa osanyowetsa masamba, kumangirira tomato ku timitengo, kuchotsa masamba okhudza pansi ndi kuphimbira nthaka ndi udzu wouma.

Kangaude wofiira yekha amabwera m'chilimwe, dzuwa likamaswa mtengo mu Seputembala ndi Okutobala. Ndi wamng'ono ngati kadontho ka fumbi ndipo amabisala kunsi kwa tsamba. Masamba amayamba timadontho tachikasu, kenaka amayezuka ndi kuuma, ukonde wopyapyala utakuta nsonga. Pano ndi pamene ambiri amataya ndalama. Dithane sapha kangaude, ndipo mankhwala wamba ophera mbozi monga cypermethrin nthawi zambiri amapha tizilombo timene timadya kangaudeyo, iye n'kuswana kuposa kale. Mwini mbande makumi awiri angachite bwino kutembenuza masamba kawiri pa sabata, kuchotsa ogwidwa kwambiri, ndi kutsuka kunsi kwa otsalawo ndi madzi osakaniza ndi sopo pang'ono madzulo. Zikapitirira, mlangizi wa zaulimi angatchule mankhwala opangidwira kangaude.

M'zaka zaposachedwapa kwabweranso mlendo wina, kagulugufe kotchedwa Tuta absoluta. Kwawo ndi ku South America. Kanapezeka ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo pofika 2016 kanali katafika ku Zambia ndi ku South Africa. Lero alimi a kuno kwathu akukadziwa bwino. Kambozi kake kamalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya, kusiya mawanga owonekera ngati pepala, ndipo kamaboolanso chipatso pafupi ndi phesi. Chipatso chingaoneke chabwino kunja, koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kachilomboka kamazolowera mankhwala msanga. Pakhomo, kuthyola ndi kukwirira masamba ogwidwa kumathandiza, makamakanso kuzula ndi kutentha mitengo yakale tikangomaliza kukolola, m'malo moisiya kuti ikhale mosungiramo tizilombo todikira mbande zatsopano.

Pali vuto lina limene si nthenda konse, ngakhale limaoneka loopsa: chipatso chimada ndi kulowa m'kati kunsi kwake, kumene kunali duwa. Chimachititsa n'chakuti mchere wa kashiamu sukufika ku chipatsocho, ndipo mcherewu umayenda ndi madzi. Munthu amene amathirira lero, n'kudumpha masiku anayi, kenaka n'kuthira ndowa zambiri nthawi imodzi, ndiye amakumana ndi vutoli, pamodzinso ndi kung'aluka kwa zipatso. Tomato wotalika wa mtundu wa Roma ndiye sachedwa kugwidwa. Palibe chowaza apa, koma kuthirira mosadumphitsa ndi kuphimbira. Momwemonso maluwa akamayoyoka m'nyengo yotentha kwambiri, monga ku Chikwawa ndi Nsanje, kapena mbewu ikangochita masamba osabereka chifukwa cha feteleza wa yureya wochuluka, botolo silingathandize.

Zambiri mwa izi zimapewedwa pa nazale. Mbande ziwokeredwe zitatha masabata anayi, zili ndi msinkhu wa masentimita 10 mpaka 15, madzulo dzuwa litapepa, motalikirana masentimita 60 mumzere ndi 90 pakati pa mizere kuti mpweya uzidutsa. Abambo osuta fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbande, pakuti nthenda yopiringiza ndi kuchititsa mawanga masamba imachokera ku fodya kudzera m'zala. Ndipo amene wawaza mankhwala awerenge pa botolo masiku oyenera kudikira asanathyole, nawalembe pa khoma kapena pa kalendala, popeza mwana wotumidwa kukathyola tomato wa ndiwo zamadzulo sadziwa tsiku limene bambo ake anawaza.