Kusintha Nyale ya Magetsi ya ku Siling'i

Lero tiyeni tikweze maso athu kumwamba. M'nyumba zambiri za magetsi, kapenanso m'kalasi mwanu momwemo, muli kambale koyera komamatira ku siling'i. Pa kambaleko palendewera cingwe, ndipo kunsi kwa cingweco kuli holda, kanthu kaja kamene timalowetsamo babu. Holda ikakalamba imasanduka yacikasu, imang'aluka, ndipo nthawi zina imanunkha ngati mphira wopserera. Cimaikalambitsa ndi kutentha, cifukwa babu yakale ya mawati 100 imaturutsa kutentha kwambiri koposa kuwala. Holda yotere iyenera kusinthidwa isanabutse moto.

Ndinene poyera kuti nchito imeneyi si ya ana. Ndi ya munthu wamkulu woidziwa, ndipo amene akukayika aitane mmisiri wa magetsi. Magetsi a m'nyumba muno m'Zambia ali ndi mphamvu ya mavolti 230, ndipo amapha. Koma inu ana mungathe kugwira tochi, kupenyerera, ndi kukumbutsa atate kapena amai cinthu cimodzi cimene akulu ambiri amaiwala: kuzimitsa swichi ya pa cipupa sikukwanira.

Cifukwa cace ndi ici. Amisiri poika mawaya m'nyumba, kawirikawiri amadutsitsa waya wamoto m'kambale kaja, kucokera ku bokosi lalikulu la magetsi, kenaka n'kupitirira ku nyale ya cipinda cina. Kucokera m'kambalemo waya wina amatsikira ku swichi, wina n'kubwerera. Swichi imangodula njira yopita ku babu. Motero babu ingazime, cipinda n'kuda bii, koma m'kambalemo moto uli cikhalire. Wosintha nyale ayenera kupita ku bokosi lalikulu ndi kutsitsa swichi yaikulu, kapena kucotsa fyuzi ya nyale n'kuiika m'thumba mwace, kuti wina asaibwezere iye ali pamwamba. Auzenso onse a m'nyumba cimene akucita.

Pali msampha wina umene ambiri a ife timaudziwa bwino. M'caka ca 2024 mvula inabvuta, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzimitsidwa maola ambiri tsiku liri lonse. Munthu angaganize kuti, “Poti magetsi apita, ndiyo nthawi yabwino yokonza nyale.” Ai ndithu! Magetsi pobwera saodira. Amene akuwabwezera ali kutali, ndipo sadziwa kuti zala zanu ziri pa waya. Tesita nayo siikuuzani kanthu pa nthawi yotere, pakuti paliponse imaonetsa kuti moto palibe. Ngati nyumba iri ndi sola kapena jenereta yolumikizidwa ku nyale, nazonso zizimitsidwe.

Nchito icitike masana, manja ali ouma, pa makwerero olimba. Mpando wosanjikiza pa tebulo wagwetsa anthu ambiri amene magetsi sanawakhudze n'komwe. Magetsi asanazimitsidwe, wamkulu ayambe wayesa tesita pa malo amene akudziwa kuti pali moto, aone ngati ikugwira nchito. Atazimitsa, amasule cibvundikiro ca kambale ndi kuyesa waya uli wonse, umodziumodzi.

Tsopano tikambe za mitundu ya mawaya, ndipo aphunzitsi mungacite bwino kuijambula pa bolodi ndi coko ca mitundu. Mkati mwa waya uli wonse muli mkuwa, cuma cathu comwe cija ca ku migodi. Cimene cimasiyana ndi cikopa ca kunja. M'nyumba zambiri mudzapeza mitundu yakale: wofiira ndiye wamoto, wakuda ndiye wobweza magetsi, wobiriwira ndiye wa pansi, umene umathawitsira magetsi m'nthaka zinthu zikalakwika. Pa zingwe zatsopano wamoto ndi wabulauni, wobweza ndi wabuluu, ndipo wa pansi uli ndi mizere yobiriwira ndi yacikasu. Conco wabulauni ndi mnzace wa wofiira, wabuluu ndi mnzace wa wakuda.

Koma pakati pa mawaya akuda pali umodzi wonyenga. Waya uja wobwerera kucokera ku swichi kawirikawiri umakhala wakuda, cikhalireco umanyamula moto swichi ikayatsidwa. Mmisiri wosamala amaumanga kansalu ka tepi kofiira kuti udziwike. Waulesi amausiya conco. Munthu akamasula mawaya onse nthawi imodzi, n'kumanga akuda onse pamodzi poganiza kuti ndi a mtundu umodzi, akangoyatsa swichi fyuzi imaphulika. Ndiye cifukwa cace, waya usanamasulidwe ndi umodzi womwe, ajambule pa pepala kapena ndi foni mmene mawaya akhalira, ndipo wonyengayo auike cizindikiro.

Mwamwai, ngati cofuna kusintha ndi holda ndi cingwe cace cokha, mawaya a nyumba sayenera kukhudzidwa konse. Amasule mawaya awiri okha a cingweco, amene amakhala m'mbali mwa kambale. Cingwe cakale cikhale muyeso wodulira catsopano. Asende cikopa pang'ono ku nsonga, osapitirira sentimita imodzi, apote timawaya ta mkuwa kuti tisabalalike, alowetse m'dzenje lace ndi kumanga sikuluu zolimba. Mkuwa usaonekere kunja, ndiponso sikuluu isalume cikopa m'malo mwa mkuwa. Waya wogwedera umathetheka, ndipo moto wambiri wa m'nyumba umayamba motero. Wabulauni upite pamene panafikira waya wa ku swichi, wabuluu upite kwa obweza.

Pa holda ya timano tiwiri, ija yokankha babu n'kupotoza pang'ono, waya uli wonse ungalowe mbali iri yonse. Pa holda ya mazinga, wabulauni uyenera kupita ku kacitsulo ka pakati, kuti cala cokhudza mazingawo cisakumane ndi moto. M'kambale ndi m'holda muli tizitsulo kapena timakutu ta pulasitiki tokolowekapo mawaya. Musatinyoze, cifukwa ndito timanyamula kulemera kwa nyale. Ngati nyale yatsopano ndi yacitsulo, waya wa pansi uyenera kumangidwa ku citsuloco, ndipo ngati ku siling'i kulibe waya wa pansi, nyale yotere isaikidwe kufikira mmisiri atabwera.

Zonse zikamangidwa, abwezere zibvundikiro, alowetse babu, atsike, ndipo pokhapo akweze swichi yaikulu. Babu ya LED ya mawati 9 imawala pafupifupi ngati yakale ya mawati 60, ndipo siwauitsa holda ngati mmene zinkacitira zakale.

Ana inu, ngati tsiku lina muona munthu wagwidwa ndi magetsi, musamgwire ndi manja, cifukwa inunso adzakugwirani. Thamangirani ku swichi yaikulu mukaitsitse. Ngati iri kutali, mkankheni ndi mtengo wouma monga mpini wa tsache, mutaima pouma, ndipo pfuulani kuti akulu abwere amtengere ku cipatala, ngakhale iye anene kuti ali bwino.