Malcolm Molyneux: dokotala amene anaphunzitsa anzake kuwerenga mwana wokomoka

Mvula ikakhazikika ku Salima, wodi ya ana pachipatala cha boma imayamba kuchepa. Madzi amaima m'minda ya mpunga ku Lifuwu ndi m'madambo a mtsinje wa Linthipe, udzudzu n'kuswana mosaletseka. Ana ambiri amene amabwera pakabaza kuchokera ku Senga Bay, Maganga kapena Khombedza amangowabaya chala, kuwapatsa LA, basi n'kubwerera kwawo. Koma pali ena amene amafika ali lefu kumsana kwa mayi awo, atagwa linjirinjiri panjira, osayankha ngakhale uwaitane dzina.

Mwana wotere akamugoneka pabedi, adokotala amachita zinthu zitatu mofulumira. Amauza mayi kuti asendeze nkhope uku ndi uku, n'kumaona ngati maso a mwana akuitsatira. Kenako amakanikiza fupa la pachifuwa ndi zibakera, kapena kutsindika chikhadabo ndi pensulo, kuti aone ngati mwanayo akankhe dzanja lomupwetekalo, angofunya mkono, kapena angokhala duu. Chomaliza, amamvetsera kulira kwake. Akatero amalemba papepala zilembo zitatu, BCS, ndi nambala yoyambira 0 kulekeza 5. Zilembozo zikuimira Blantyre Coma Score, ndipo muyeso womwewu ndi umene amagwiritsa ntchito madokotala a ana m'maiko ambiri kumene kuli malungo. Mmodzi mwa anthu amene anaukonza ndi Pulofesa Malcolm Molyneux, amene anamwalira pa 16 Novembala 2021 ali ndi zaka 77.

A Molyneux anabadwa mu 1943 ku Congo, kumene makolo awo anali amishonale. Udokotala anauphunzira ku Cambridge ndi ku London. Anafika ku Malawi mu 1974 pamodzi ndi akazi awo, Elizabeth, amenenso ndi dokotala. Nthawi imeneyo dziko lino linalibe sukulu yosula madokotala, chifukwa College of Medicine inadzatsegulidwa mu 1991. Anagwira ntchito zaka pafupifupi khumi, makamaka pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, akuona odwala achikulire, ndipo anali m'gulu la amene anayambitsa magazini ya madokotala imene lero imatchedwa Malawi Medical Journal. Mu 1984 anabwerera ku England kukaphunzitsa ku Liverpool School of Tropical Medicine, koma mtima unatsala kuno. Dzinja likayandikira ankabweranso, popeza ndiyo nyengo imene malungo amafika pachimake.

Panali vuto limene linkawasowetsa mtendere. Muyeso wa kukomoka umene unalipo, wokonzedwa ku Glasgow mu 1974, unali wa anthu akuluakulu. Umafuna kuti wodwala ayankhe mafunso ndi kumvera malangizo. Nanga mwana wa chaka chimodzi amene sanayambe kulankhula, ungamufunse kuti ali kuti? Pa chifukwa ichi dokotala aliyense ankangonena zakezake. Wina akati mwana wakomoka, mnzake amati ayi, wangofooka. Ofufuza a ku Malawi, a ku Kenya ndi a ku Gambia sankatha kuyerekeza zimene apeza, chifukwa mawu akuti malungo a muubongo ankatanthauza zosiyana pachipatala chilichonse.

Pamodzi ndi Dr Terrie Taylor wa ku America, Dr Jack Wirima wa konkuno ndi Dr Ankie Borgstein, a Molyneux anakhala pambali pa mabedi a ana 131 okomoka ndi malungo ku Gulupu, akulemba chilichonse chimene akuona. Zotsatira zake zinatuluka mu 1989. Ana 15 pa 100 alionse anamwalira, ndipo 9 pa 100 anachira koma ubongo utavulala. Muyeso watsopanowo unabadwira pamenepo: maso amapatsa mfundo imodzi, mayendedwe a mikono mfundo ziwiri, kulira mfundo ziwiri. Mwana wopeza 2 kapena kutsika apo ndiye kuti wakomokadi. Ubwino wake ndi woti sufuna makina kapena magetsi. Namwino wa ku Chipoka angathe kuyeza usiku ndi tochi ya pafoni, ndipo akatumiza mwanayo ku Salima kapena ku Kamuzu Central, omulandira amadziwa ngati wakhalako bwino kapena zaipiraipira panjira.

Gulu lomweli linaonetsanso mu 1988 kuti mwana mmodzi mwa asanu alionse odwala malungo aakulu amafika shuga wa m'magazi atatsika kale, asanalandire kwinini, ndipo ana oterowo ndi amene amafa kwambiri. N'chifukwa chake lero mwana wokomoka amamuyeza shuga asanachite zina zambiri.

Kafukufuku wovuta kwambiri anayamba mu 1996. Ofufuza ankapempha makolo amene angotaya mwana kuti alole thupi lipimidwe asanapite nalo kumudzi. Aliyense wodziwa mwambo wathu wa maliro akudziwa kulemera kwa pempho lotere, ndipo ambiri ankakana. Amene analola anathandiza kuti zidziwike mu 2004 kuti mwa ana 31 amene madokotala anali otsimikiza kuti afa ndi malungo a muubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Tizirombo ta malungo tinalimodi m'magazi mwawo, monga zimakhalira ndi ana ambiri a m'mbali mwa nyanja, koma chinawapha ndi china. Njira yosiyanitsira inapezeka m'diso. Dokotala wa maso Susan Lewallen, akugwira ntchito pa wodi ya kafukufuku ku Gulupu, anaona kuti malungo a muubongo enieni amasiya zizindikiro kuseri kwa diso, madontho oyera ndi timitsempha tosintha mtundu. Pambuyo pake makina a MRI atabwera ku Gulupu, zinaoneka mu 2015 kuti chimene chimapha ana ambiri ndi kutupa kwa ubongo, kumene kumapanikiza malo olamulira kupuma.

Mabuku amatchula maina a mapulofesa. Anamwino achimalawi amene ankachezera pa wodi imeneyi dzinja lililonse, ndi makolo amene analola ana awo kupimidwa ali m'misozi, satchulidwa kawirikawiri, chonsecho popanda iwo palibe chikanadziwika.

Mu 1995 banja la a Molyneux linabwereranso kudzakhala ku Blantyre. Bamboyu anatsogolera kukhazikitsa bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene linayamba ndi anthu owerengeka pafupi ndi Gulupu. Cholinga chawo chinali choti mafunso a matenda a Amalawi azifufuzidwa ndi Amalawi, ndipo patapita zaka bungweli linadzatsogoleredwa ndi Mmalawi, Pulofesa Henry Mwandumba.

Nkhani ya a Malcolm siimveka bwino popanda mayi Elizabeth. Awiriwa analera ana anayi, ambiri a iwo akukulira ku Malawi, ndipo ankagwira ntchito pachipatala chimodzi, wina kuwodi ya kafukufuku, wina akutsogolera dipatimenti ya ana. Mayiwa ndi amene analimbikitsa njira ya ETAT, yoti ana akafika pachipatala asamangoima pamzere potsata amene wayamba kufika, koma wodwalitsitsa aonedwe poyamba. Njirayi itakhazikika ku Gulupu, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse kufika pakati pa 6 ndi 8. Mayiwa anayambitsanso chithandizo cha ana odwala khansa, makamaka ya Burkitt, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ndipo imakonda madera otentha a malungo ambiri ngati kuno kunyanja. Tingati mwamuna ankalimbana ndi malungo pamene akomola mwana, mkazi n'kumalimbana ndi zimene malungowo amasiya m'mbuyo.

Kunja kwa chipatala, a Molyneux anali munthu wa nyimbo. Ankatsogolera kwaya ya Blantyre Music Society, ndipo pa tchuthi ankakonda kukwera phiri la Mulanje ndi banja lawo komanso anzawo.

Kafukufuku wina amene anatenga nawo mbali amakhudza mwachindunji midzi yotalikira chipatala. Mu 2004 iwo ndi anzawo anasindikiza zotsatira zoonetsa kuti mankhwala a artesunate olowetsa kumalo ochitira chimbudzi amachepetsa msanga tizirombo ta malungo mwa mwana amene sangathe kumeza. Lero mankhwalawa amaperekedwa ndi alangizi a zaumoyo kuti mwana apeze mpata wofika kuchipatala chachikulu. Sachiritsa paokha. Mwana akalandira n'kutsegula maso, makolo ena amaganiza kuti zatha n'kubwerera kunyumba, ndipo ngozi imagona pamenepo.

Inu a ku Salima, mwana akatentha thupi n'kuyamba kukana bere, kusanza chilichonse, kugwa linjirinjiri kapena kulephera kutsatira nkhope yanu ndi maso, musadikire kuti kuche, ndipo musayambire kwa asing'anga. Pitani kwa alangizi kapena kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, ndipo akakutumizani ku Salima, pitani ndithu. Neti imene munalandira ija ikhale pamwamba pa mphasa ya mwana, osati m'madzi kukokolola bonya.