Pulaneti Yaing'ono M'bwalo la Chimtali

Nyenyezi ikangobadwa imakhala pakati pa chimbale chachikulu cha mpweya ndi fumbi, ndipo m'menemo ndi momwe mapulaneti amaumbika. Mu 2014 makina oonera zakuthambo a ALMA, ku Chile, anajambula chimbale chotere pa nyenyezi ya HL Tauri, chili ndi mipata yozungulira. Mu 2018 akatswiri anaona pulaneti ya PDS 70 b ikukula mu mpata wa chimbale chake.

Mpweyawo umazungulira mwadongosolo ngati amayi pa chimtali, ng'oma ili pakati, mizere ingapo, wam'kati ukufulumira kuposa wakunja. Ndiye pabwere mtsikana wosasunga mzere, pena athamangire kung'oma, pena atulukire kunja. Ndi mmene imayendera pulaneti imene njira yake ndi yotalikira mbali imodzi.

Ikafika pafupi ndi nyenyezi imathamanga kuposa mpweya wa pamenepo, choncho mpweyawo umaibweza, monga mtsikana uja akagunda misana ya amene ali patsogolo pake. Ikafika kutali imatsalira, mpweya nkumaikokera kutsogolo, monga am'mbuyo akamamukankha kuti ayende. Ntchitoyi imagwiridwa ndi mphamvu yokoka. Kubwezedwa kuja kumafupikitsa ulendo wakutali, kukankhidwa kuja kumailetsa kuyandikira kwambiri, mpaka pulanetiyo imalowa mumzere nkumazungulira bwinobwino.

Koma pulaneti yolemera kangapo kuposa Jupiter sikankhika chisawawa. Imamwaza mpweya wa m'njira yake nkutsegula mpata waukulu, ngati wovina wa dzitho amene anzake amamupatukira. Poti zoibweza zachepa, njira yake ikhoza kupotoka kwambiri, ndipo m'mphepete mwa mpatawo namo mumapotoka.

Kupotokaku amakuyeza kuyambira pa 0, pomwe njira ndi yozungulira ndendende, kukafika pafupi ndi 1. Dziko lathu lili pa 0.017, Mercury pa 0.21, koma pulaneti ya HD 80606 b ili pa 0.93. Akatswiri ambiri amati njira zopotoka chonchi zimadza makamaka mpweya ukatha, pamene mapulaneti akokana okhaokha kapena akokedwa ndi nyenyezi yoyandikana nayo. Chimbale chimangokhala zaka mamiliyoni ochepa, ndipo chikamwazika palibenso mpweya wobwezera pulaneti mumzere.