Kukopa Wowerenga m'Nkhani Zopeka ndi m'Chimangirizo cha Mtsutso

Mawu oti "kukopa", "kunyengerera" ndi "kunyenga" amasokonezedwa kawirikawiri m'makalasi ndi m'zolemba. Kukopa ndiko kuchititsa munthu kuvomereza ganizo atawona yekha kuti n'lomveka. Kunyengerera ndiko kufewetsa mtima wa munthu ndi mawu okoma, pomwe kunyenga ndiko kumusocheretsa dala. Pophunzitsa luso la kalembedwe, mawu oyenera ndi "kukopa".

Mlembi wa nkhani yopeka amakopa posonyeza zochitika. Buku la Nthondo, lomwe Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Mishoni ya Nkhoma, adalemba ndipo lidasindikizidwa mu 1933, limatsata munthu kuyambira ubwana wake wa kuba ndi mwano kufikira atakhala mfumu n'kutembenuka mtima. Wowerenga amayenda naye Nthondo mpaka kuvomereza kuti munthu atha kusintha. M'buku la John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe, mbalame yowulula kuphedwa kwa Sikusinja ndiyo imatsimikiza kuti choipa sichibisika. Mphamvu ya mabuku awiriwa ili m'zochita za ampangankhani. N'chifukwa chake akonzi a mabuku ayenera kuchenjera ndi ndime zimene mlembi waimitsa nkhani kuti alalikire.

Chimangirizo cha mtsutso chili ndi njira ina. Mlembi amanena poyera mbali yomwe waima m'chiyambi, napereka mfundo imodzi m'ndime iliyonse ya thunthu, pamodzi ndi umboni wake. Mwachitsanzo, wophunzira wa ku Lilongwe atapatsidwa mutu woti "Ogulitsa malonda m'misewu ya ku Old Town achotsedwe", sikokwanira kulemba kuti mavenda amasokoneza. Afotokoze za kuthithikana kwa anthu ndi magalimoto pafupi ndi msika waukulu ndi depoti ya mabasi, atchulenso kuti mu 2006 boma lidasamutsira mavenda m'misika yokhazikika. Kenaka avomereze mfundo ya mbali inayo, yoti malondawo ndiwo amadyetsa mabanja ambiri, ndipo aiyankhe. Wobisa mfundo ya mnzake wasiya kukopa, wayamba kunyenga.

Alumikizi monga "chifukwa", "komabe" ndi "choncho" ndiwo mizati ya chimangirizo chotere. "Choncho" alembedwe pokhapokha ngati chiganizo chotsatira chikuchokeradi m'chimene chatsogola. Mwambi nawo umakometsa mfundo imene yatsimikizidwa kale, koma pawokha si umboni. Wolemba kuti "mutu umodzi susenza denga" sadasonyezebe kuti khonsolo ndi mavenda angagwirizane motani.

Aphunzitsi ndi makolo othandiza ana pa ntchito yokalembera kunyumba asawalembere chimangirizo. Awafunse mafunso atatu: waima mbali iti, umboni wako ndi wotani, nanga wotsutsana nawe anganene chiyani? Mwana wolemberedwa amakhala ndi pepala lokoma, koma m'chipinda cha mayeso a MSCE amalowamo yekha.