Mfuti ya ku Germany, mpope wa ku Norway

Patha zaka zoposa 80 chithereni nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, koma mfuti zake zikugulidwabe pa zionetsero za mfuti ku America. Kumeneko anthu osunga mfuti zakale ayamba kusakasaka zija ankazinyoza kale, zimene mayiko ena anazisintha kuti zizidya zipolopolo za mtundu wina.

Pa chionetsero china, mkulu wina wa imvi anaika patebulo mfuti imodzi ya ku Germany yotchedwa K98k, thabwa lake litada ndi mafuta ndi manja a anthu. Pamwamba pa chitsulo panali chaka, 1940, ndipo m'mbali munali tiziwombankhanga ta ku Germany tooneka bwinobwino. Kumanzere chitsulocho chinapalidwa, n'kudindapo nambala yatsopano ndi mawu akuti HÆR, chidindo cha asilikali a pamtunda a ku Norway. Kenako mkuluyo anatsegula mfutiyo n'kuloza ndi chala kampata kakang'ono kosemedwa polowera zipolopolo. Kampatako ndiye umboni weniweni wakuti mfutiyo inasinthidwa. Asilikali a Germany atagonja mu 1945 anasiya mfuti zambirimbiri ku Norway, ndipo m'zaka za m'ma 1950 dzikolo linaziika mipope yatsopano ya .30-06, chipolopolo cha ku America chimene chinkabwera ngati thandizo. Poti n'chachitaliko, chigoba chake chili mamilimita 63 pamene cha chakale chinali 57, panafunika kusema chitsulo ndi kutalikitsa mokhala zipolopolo.

Mkangano wagona pamenepa. Ena amati mfuti yotere ndi yoonongeka. Iwo amafuna K98k imene nambala zake zonse zikufanana, mpope uli womwe unachoka nawo kufakitale, ndipo amalipira ndalama zochuluka pa imeneyo. Kwa iwo kampata kaja ndi chilema. Ena akuti ayi, anasintha mfutiyo si mlenje wodula thabwa kunyumba kwake kuti ipepuke, koma boma, pa chifukwa chodziwika, m'nthawi yodziwika. Ine ndili mbali ya awa. Mfuti imene sinakhudzidwe imanena za nkhondo imodzi, pamene ya ku Norway imanenanso za dziko limene linatsala ndi zida za adani n'kuzisandutsa zake. Mitengo ikukomerabe gulu loyambalo, n'chifukwa chake ambiri ongoyamba kumene amayambira pa zosinthidwazi.

Chovuta n'chakuti si zonse zimene zinadindidwa moonekera, ndiye wogula wanzeru amapita nayo kaye kwa mmisiri wa mfuti kuti ayeze mkati asanaikemo chipolopolo. Ku Israel, kumene K98k zinasinthidwa kukhala za 7.62x51, vutoli analiona msanga. Anadinda 7.62 yaikulu pachitsulo, ndipo pa zambiri anaiwotcheranso pathabwa kuti msilikali asasokoneze zipolopolo.