Ku Chembe malungo amaoneka pamzere, likodzo likudikirabe

Pa 25 April chaka chilichonse timakumbukira nkhondo yolimbana ndi malungo, ndipo zolankhulidwa patsikuli zimakhala zomwe zija: masikito, mankhwala a LA, ndi katemera wa ana amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi kachipangizo koyera koyezera magazi, kamene kanafalikira m'zipatala zathu kuyambira 2011. Pazambiri mwa zipangizozi, mzere wofiira umene umatuluka ndi golide.

Golideyo amakonzedwa m'tizidutswa ta ma nanometre pafupifupi 40. Nanometre ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000,000, ndipo tsitsi limodzi limanenepa pafupifupi ma nanometre 80,000. Akachepa chotero golide amasiya chikasu chake n'kuoneka wofiira. Tizidutswato timakutidwa ndi zinthu zogwira puloteni ya tizilombo ta malungo, timayenda ndi dontho la magazi m'kapepala ka mkati, n'kukaunjikana pamzere. Imeneyi ndiyo nanotechnology, ndipo ku Chembe imagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Pachipatala china cha m'mphepete mwa nyanja kuno, mayi wina anafika dzuwa litakwera kale. Anachokera kothandala, mamba a usipa atamata m'manja ndi pachitenje. Kumsana anabereka mtsikana wa zaka ngati zinayi, milomo itauma, mutu utagwera paphewa. Pambuyo pake pankatsatira mnyamata wamkulupo, tsitsi likadali lonyowa ndi madzi a m'nyanja, atanyamula mabuku a kuchipatala m'jumbo ya shuga. Wachipatala anapukuta chala cha mwana uja, n'kuchibaya, n'kutapa kadontho ka magazi, n'kuwonjezera madontho a mankhwala. Analemba nthawi pa kachipangizoko ndi cholembera. Mayiyo sanachotsepo maso mphindi zonse 20, akumuuzira mwanayo pachala. Mizere inatuluka iwiri, ndipo anapumira m'mwamba, chifukwa matenda odziwika dzina ali ndi mankhwala.

Atalandira LA sanadzuke msanga. Anatsitsa mawu n'kuwauza adokotala kuti mnyamata uja akamamaliza kukodza pamatuluka magazi. Mnyamatayo anazolika, akujambula pansi ndi chala cha kuphazi. Pa vuto lakeli panalibe mzere woti audikire. Kapepala koona magazi mu mkodzo kalipo, koma sikanena chimene chikutulutsa magaziwo. Kuti mazira a nyongolotsi za likodzo aoneke pamafunika kusefa mkodzo, maikulosikopu ndi munthu wodziwa kuyang'anamo. Kachipangizo ka mkodzo kofanana ndi ka malungo nakonso kalipo, koma kamagwira bwino likodzo la m'matumbo, pomwe lovutitsa ku Chembe ndi la m'chikhodzodzo, lofalitsidwa ndi nkhono za mtundu wa Bulinus.

Mpata umenewu ndiwo malo ofufuzira za nanotechnology amati alipo kuti autseke. South Africa inakhazikitsa ndondomeko yake mu 2005, ndipo mu 2007 inatsegula malo awiri otere, ku Pretoria ndi ku Johannesburg. Zolinga zake ndi zoyezera matenda zotsika mtengo, zosefera madzi, mphamvu, komanso kupindula kwambiri ndi miyala ya m'nthaka yawo.

Funso loti Malawi atsate njira yomweyi ndilo limagawa anthu. Ena amati n'kutaya ndalama. Mankhwala a praziquantel ngotsika mtengo, amagawidwa m'sukulu popanda kuyeza aliyense, ndipo mwana akamwa lero mawa abwereranso m'madzi omwewo. Kwa iwo chofunika ndi zimbudzi, mijigo, ndi kuleka kukokolola nsomba zodya nkhono ndi makoka a maso ang'onoang'ono. Ndalama zogulira makina amodzi oonera tizidutswa ting'onoting'ono tija, amatero, zingakumbitse mijigo ingapo.

Mfundo yawo njolemera, ndipo aliyense amene waona mmene gombe limadzazira m'mawa ndi ochapa, otsuka mbale ndi osamba sangaikane. Koma imasiya anthu ena kunja. Msodzi amene amagona panyanja ndi chilimira sapezeka kusukulu tsiku logawa mankhwala. Mayi amene likodzo lamulowa m'njira yoberekera amatha kupatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, n'kubwerera kunyumba ndi manyazi ndi mkangano wa m'banja, matenda enieni ali chikhalire. Anthu amenewa amafunika kuyezedwa. Ndipo mayiko ambiri amene amapanga zoyezera sakodza magazi, choncho sadzathamangira kutipangira. Ine ndikuona kuti sitikusowa nyumba yaikulu ya magalasi kuti tiyambepo. Ophunzira athu a sayansi angathe kugwirizana ndi anzawo a kunja amene ali ndi makina, ife n'kubweretsa funso lenileni, odwala ake, ndi kutentha kwa Mangochi kwa mu October, kumene chipangizo chilichonse chiyenera kupirira chisanatchedwe chothandiza.

Alendo obwera kudzasambira kuzilumba za Thumbi ndi Domwe nawo sayezedwa. Ambiri amangogula praziquantel asananyamuke, amauzidwa kuti akamwe pakapita masabata angapo, ndipo amene akufuna kutsimikiza amakayezetsa magazi akafika kwawo.